PLINY WAMKULU, MLEMBI WA KAUNDULA WA ZIROMBO

M'chaka cha 1977, m'katauni kotchedwa Lake Geneva m'chigawo cha Wisconsin ku America, mudatuluka buku lotchedwa Monster Manual limene adalemba Gary Gygax. M'bukumo mudali maina ndi mbiri za zirombo zoposa 350, ndipo lidalembedwera anthu oseŵera Dungeons & Dragons, seŵero limene Gygax ndi mnzake Dave Arneson adatulutsa m'chaka cha 1974. Seŵeroli ndi la pathebulo. Anthu amakhala mozungulira, mmodzi nakhala wokamba nthano, enawo nadziyesa ankhondo, amatsenga kapena mbala za m'nthanomo. Wokambayo akati chirombo chatulukira m'phanga, oseŵera amanena chimene achite, kenaka amaponya madayisi, timiyala tolembedwa manambala m'mbali, kuti tiŵeruze ngati apulumuka kapena afa.

Zirombo za m'bukulo sizidachokere kumodzi. Zina, monga orc, zidatengedwa m'nthano zimene adalemba J. R. R. Tolkien. Zina Gygax adazipeka atawona tidole ta pulasitiki topangidwa ku Hong Kong. Koma zinayi izi, basilisk, manticore, catoblepas ndi leucrotta, n'zakale kwambiri. Zonsezo zimapezeka m'buku la Chilatini limene lidaperekedwa kwa mwana wa mfumu ya Aroma m'chaka cha 77, zaka 1,900 ndendende buku la Gygax lisanatuluke. Mlembi wake adali Pliny Wamkulu, ndipo moyo wake ukusonyeza m'mene nyama yeniyeni imasandukira chirombo nkhani yake ikayenda pakamwa pa anthu ambiri ndi m'mabuku ambiri.

MSILIKALI WOKONDA ZOLEMBA

Gaius Plinius Secundus adabadwa m'chaka cha 23 kapena 24 Yesu atabadwa, mumzinda wa Comum, umene lero umatchedwa Como, m'mbali mwa nyanja kumpoto kwa Italy. Banja lake lidali lopeza bwino, la gulu lachiŵiri pa ulemu pakati pa Aroma, pansi pa akuluakulu a nyumba ya malamulo. Atatha maphunziro adaloŵa usilikali monga ankachitira anyamata a gulu limenelo, natumizidwa ku Germany, m'malire a mtsinje wa Rhine, kumene adakhala mtsogoleri wa asilikali apakavalo.

Kumeneko adawona ndi maso ake mtundu wa anthu otchedwa Chauci, okhala m'mphepete mwa nyanja yaikulu ya kumpoto. Adalemba kuti madzi amasefukira dziko lawo kaŵiri pa tsiku nabwereranso, kuti nyumba amazimanga pa zulu zoumba okha, kuti amasonkha moto ndi matope ouma, ndi kuti amamwa madzi a mvula osungidwa m'maenje. Zimenezi akatswiri ofukula zakale adazipeza kuti n'zowona. Pamene Pliny adali kulemba chinthu chimene adachiwona yekha, kaŵirikaŵiri sankaphonya.

Buku lake loyamba lidali la kaponyedwe ka nthungo munthu ali pakavalo. Pambuyo pake adalemba mbiri ya nkhondo za Aroma ku Germany m'mipukutu 20. Atabwerera ku Roma adagwira ntchito yoimira anthu pamilandu. Zaka zimenezo zidali za mfumu Nero, amene adalamula kuyambira 54 kufikira 68, ndipo munthu wolemba momasuka ankaika khosi lake pampeni. Tsono Pliny adasankha nkhani yosaputa munthu: adalemba mipukutu 8 ya malamulo a chinenero cha Chilatini, nadikira kuti mphepo idutse.

Idadutsadi. M'chaka cha 69 ufumu udagwa m'manja mwa Vespasian, amene mwana wake Titus adadziŵana ndi Pliny ku usilikali. Pliny adapatsidwa ntchito yoyang'anira chuma cha mfumu m'maiko olamulidwa ndi Aroma. Ku Spain adawona anthu akugumula mapiri athunthu ndi mphamvu ya madzi pofuna golide, nalongosola ntchitoyo mwatsatanetsatane. Adafikanso m'chigawo chimene Aroma ankachitcha Africa, kumene lero kuli Tunisia.

MUNTHU WOUMIRA NTHAŴI

Pliny sadakwatire ndipo adalibe mwana. Woloŵa m'malo mwake adali mwana wa mlongo wake, amene mbiri imamutcha Pliny Wamng'ono, ndipo makalata a mphwakeyo ndiwo amatidziŵitsa za makhalidwe a atsibweni ake. Munthuyu ankadzuka pakati pa usiku nayatsa nyale n'kuyamba kuŵerenga. Kusanache ankapita kukawonana ndi mfumu Vespasian, amenenso sankagona tulo tambiri, kenaka n'kukagwira ntchito ya boma. Akabwera kunyumba, nthaŵi yonse yotsala idali ya mabuku. Pakudya, kapolo ankamŵerengera buku. Pomupukuta atatha kusamba, ankamvetsera kapena kunena mawu oti alembedwe. Paulendo ankakhala pampando wonyamulidwa, mlembi ali pambali pake, ndipo m'nyengo yozizira mlembiyo ankavala zofunda m'manja kuti chisanu chisaimitse ntchito.

Tsiku lina mnzake adaimitsa woŵerenga kuti abwereze liwu limene adalitchula molakwika. Pliny adamfunsa mnzakeyo ngati sadamve tanthauzo lake, ndipo atavomera kuti adamva, adamdandaulira kuti wawatayitsa mizere yoposa 10. Mphwakenso adadzudzulidwapo chifukwa choyenda pansi, pakuti maola amenewo akadaŵerenga. Pliny ankakhulupirira kuti palibe buku loipa kotheratu lakuti munthu sangatolemo kanthu, choncho buku lirilonse limene lidamfika adatapamo zina nazisunga. Pomwalira adasiya mipukutu 160 ya zotapatapazo, yolembedwa mbali zonse ziŵiri ndi timalemba ting'onoting'ono. Ali ku Spain, munthu wina wachuma dzina lake Larcius Licinus adafuna kuigula pamtengo wa ndalama za Aroma 400,000 zotchedwa sesterces, pamene msilikali wamba ankalandira 900 pa chaka.

M'nkhokwe imeneyi ndimo mudatuluka buku lake lokhalo limene lidatifika, Naturalis Historia, ndiko kunena kuti Mbiri ya Chirengedwe. Liri ndi magawo 37, ndipo limayamba ndi thambo ndi nyenyezi, n'kubwera ku maiko, anthu, nyama, mbalame, mitengo, mankhwala, zitsulo ndi miyala. Mwini wake adati adasonkhanitsa mfundo 20,000 kuchokera m'mabuku pafupifupi 2,000. Gawo loyamba lonse ndi mndandanda wa zam'kati pamodzi ndi maina a alembi amene adawatapa nzeru, pakuti iye ankawona kuti kubisa mwini nzeru ndi kuba. Khama lotere n'losoŵa, koma lidali ndi mbuna yake. Munthu woŵerenga mothamanga chotero sapeza mpata wopeta mankhusu, ndipo m'bukumo zowona ndi maso zidagona pamphasa imodzi ndi zongomva.

ZIROMBO ZINAYI

Zirombo zambiri ziri m'gawo lachisanu ndi chitatu, la nyama za pamtunda, ndipo zambiri mwa izo adaziika ku India ndi ku Ethiopia. Kwa Aroma dzina lakuti Ethiopia linkatanthauza maiko onse a kum'mwera kwa Egypt, kumene iwo sankakudziŵa bwino. Asilikali amene Nero adawatuma kukazonda mtsinje wa Nile adafika ku Meroe, m'dziko la Sudan la lero, nasimba kuti adawona mapazi a njobvu ndi chipembere. Za kutsogolo kwake zinkabwera ndi amalonda ndi alenje. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluŵa, ndipo nkhani za nyama za kumeneko zinkafika ku Roma zitadutsa akandimverere ambiri.

Choyamba ndi catoblepas, dzina la Chigiriki lotanthauza choyang'ana pansi. Pliny adati chimakhala pafupi ndi kasupe wotchedwa Nigris, amene ambiri ankamuyesa gwero la Nile. Thupi lake si lalikulu, miyendo n'jaulesi, koma mutu ndi wolemera kotero kuti umangozyolika, ndipo ndi mwaŵi wa anthu kuti uli wotero, pakuti wowona maso ake amafera pomwepo. Patapita zaka mazana ambiri, katswiri wa za nyama wa ku France, Georges Cuvier, adaganiza kuti nyama imeneyi ndi nyumbu, yonga ija imapezeka m'chigwa cha Luangwa ku Zambia. Aliyense amene adawonapo nyumbu ikuyenda, mutu waukulu uli choŵerama, angamvetse kumene nkhaniyo idayambira. Za maso akupha zidawonjezedwa panjira.

Chachiŵiri ndi basilisk, kutanthauza kamfumu. Kwa Pliny iyi idali njoka yaing'ono ya ku Cyrenaica, m'dziko la Libya la lero, yosapitirira zala 12 m'litali, yokhala ndi banga loyera pamutu longa chisoti chaufumu. Siikwaŵa monga zinzake koma imayenda itaimika thupi. Mpweya wake umapsereza udzu ndi kuswa miyala, ndipo ululu wake udakwerapo ndi nthungo n'kupha wokwera pakavalo pamodzi ndi kavalo yemwe. Mdani wake ndi likongwe. Ambiri amawona m'mawu ameneŵa chithunzi cha njoka zija zimaimika mutu ndi kufutukula khosi, zina mwa izo zolavula ululu, ndi cha msulu umene umalimbana nazo. M'zaka za pambuyo pake anthu a ku Ulaya adaipatsa mutu wa tambala, nati imaswedwa m'dzira loikira tambala. Oŵerenga amene adamvapo akuluakulu akusimba za songo yolira ngati tambala adziŵa kuti njoka yowopsa siichedwa kuvekedwa zotere.

Chachitatu ndi manticore. Nkhani yake Pliny adaitenga kwa Ctesias, sing'anga wa Chigiriki amene adatumikira mfumu Artaxerxes wachiŵiri ya ku Persia cha m'ma 400 Yesu asanabadwe. Ctesias adamva kwa Aperezi za chirombo cha ku India cha thupi la mkango, nkhope ya munthu, mano a mizere itatu, mchira wobaya ngati wa chinkhanira, ndi mawu onga chitoliro chophatikiza ndi lipenga. Dzina lenilenilo ndi la Chiperezi, lotanthauza chodya anthu. Mgiriki wina, Pausanias, amene adalemba patapita zaka pafupifupi 100 Pliny atamwalira, adanena poyera kuti chimenechi n'chirombo cha mizeremizere cha ku India chotchedwa tiger, ndi kuti zinazo adawonjeza ndi mantha a anthu.

Chachinayi ndi leucrocota, chimene m'seŵero chimatchedwa leucrotta. Pliny adachipatsa msinkhu wa bulu wakuthengo, miyendo ya mbaŵala, khosi ndi mchira wa mkango, mutu wonga wa chiuli, kamwa long'ambika kufika m'makutu, ndi fupa limodzi lalitali m'malo mwa mano, nati chimatsanzira mawu a anthu. Pano mwini nkhani sakubisika, ndi fisi. M'gawo lomwelo Pliny adalemba zimene anthu ankasimba za fisi, kuti amazungulira misasa ya abusa, naphunzira dzina la mmodzi, namuitana usiku kuti atuluke amudye. Adatchulanso nyama ina, corocotta, imene adati ndi mwana wa fisi ndi mkango waukazi. Liwu limenelo likali moyo m'dzina limene akatswiri amatchulira fisi wamaŵanga, Crocuta crocuta. Kuseka kwa fisi usiku, ndi nsagwada zake zophwanya mafupa, zidakwanira kubala zirombo ziŵiri.

Kungakhale kumlakwira Pliny kunena kuti ankameza chirichonse. Nkhani yakuti munthu amasanduka mmbulu adaikana kotheratu, nadabwa kuti Agiriki amakhulupirira msanga bodza. Za griffin, chirombo cha mlomo wa chiwombankhanga, adati n'zopeka, ngakhale kuti m'gawo lina adalembamo nkhani yake monga adaipezera. Za mbalame ya phoenix, imene amati imabadwanso ikafa, adakayika, nakumbutsa kuti imene idawonetsedwa ku Roma m'chaka cha 47 aliyense adadziŵa kuti idali yonama. Adachenjezanso oŵerenga kuti pa zodabwitsa zambiri iye sakuikapo umboni wake, koma akuloza kwa amene adazilemba poyamba. Chenjezo limenelo ndilo lidayamba kutayika pamene ena adayamba kukopera buku lake.

ULENDO WOMALIZA

M'chaka cha 79 Pliny adali mkulu wa zombo zankhondo za Aroma padoko la Misenum, pafupi ndi mzinda wa Naples, ndipo mlongo wake ndi mphwake adali naye. Zolemba zakale zimati lidali tsiku la 24 August, ngakhale kuti malemba a makala amene adapezeka pakhoma ku Pompeii m'chaka cha 2018 adachititsa akatswiri ambiri kuganiza za mwezi wa October. Dzuŵa litapendeka pang'ono, mlongo wake adamsonyeza mtambo wachilendo patsidya la nyanja, wokwera ngati thunthu la mtengo n'kutambalala pamwamba. Lidali phiri la Vesuvius likuphulika, pamtunda wa makilomita pafupifupi 30.

Munthu amene adatha moyo wake akulemba zomva kwa ena adafuna kuti ichi achiwone yekha. Adalamula kuti akonze chombo chaching'ono, naitana mphwake kuti apite naye, koma mnyamatayo, wa zaka 17, adasankha kutsala ndi mabuku ake. Ali pafupi kunyamuka kudafika kalata yochokera kwa mai wina dzina lake Rectina, amene nyumba yake idali m'tsinde mwa phirilo, wopempha kuti amupulumutse. Pamenepo Pliny adasintha maganizo. Adatulutsa zombo zazikulu zankhondo kuti zikatenge anthu a m'mbali monse mwa gombe, iye mwini nakweramo.

Pamene ankayandikira, phulusa lotentha ndi miyala yopsa zidayamba kugwera m'zombo, ndipo gombe lidatsekeka ndi zogumuka za m'phiri. Pliny adali kunenabe zimene akuwona kuti mlembi azilembe. Wowongolera chombo adamlangiza kuti abwerere, koma iye adakana, nalamula kuti aloŵere ku Stabiae kumene kudali bwenzi lake Pomponianus. Adampeza atalongedza katundu m'chombo koma akulephera kuchoka chifukwa mphepo idali yochokera kunyanja. Pofuna kuwalimbitsa mtima a m'nyumbamo, Pliny adasamba, nadya, nagona mpaka mkonono wake unkamveka pakhomo.

Usiku bwalo lidadzaza phulusa ndi miyala kotero kuti akadachedwa kumdzutsa chitseko sichikadatseguka. Nyumba zidali kugwedezeka ndi zivomezi. Anthuwo adamanga mitsamiro pamitu nathaŵira kugombe ndi miuni, pakuti ngakhale kudali kutacha, mdima udaposa wa usiku. Nyanja idali yolusabe. Pliny adagona pansalu, napempha madzi ozizira kaŵiri. Fungo la sulufule litafika anzake adabalalika, iye adaimirira atatsamira akapolo aŵiri, nagwa pomwepo. Mphwake adaganiza kuti utsi udamtseka kukhosi, pakuti adali wovutika kupuma kuyambira kale. Mtembo wake udapezeka patapita masiku aŵiri, wopanda bala, wonga wa munthu wogona tulo. Adali ndi zaka pafupifupi 55.

M'MENE ZIROMBOZO ZIDAYENDERA

Mabuku ena onse a Pliny adatayika, koma Naturalis Historia idakopedwa pamanja mibadwomibadwo. Mlembi wina, Solinus, adatolamo zodabwitsa zokhazokha napanga buku lalifupi limene lidakondedwa koposa. Isidore, bishopu wa ku Seville amene adamwalira m'chaka cha 636, adatapa mwa onse aŵiri. Kuchokera pamenepo zirombozo zidaloŵa m'mabuku a nyama a zithunzi, onga lija la cha m'ma 1200 limene limasungidwa ku Aberdeen, m'mene nyama iriyonse inkapatsidwa phunziro la chikhristu. Wojambula amene sadawonepo fisi ankajambula zimene waŵerenga, ndipo wobwera pambuyo pake ankakhulupirira chithunzicho.

Bukulo lidasindikizidwa pamakina koyamba ku Venice m'chaka cha 1469, ndipo Christopher Columbus adali nalo lake, limene adalembamo m'mphepete. M'chaka cha 1492 sing'anga wa ku Ferrara, Niccolò Leoniceno, adatulutsa kabuku kosonyeza zolakwa za Pliny pa za mankhwala, ndipo kuyambira pamenepo akatswiri adayamba kuyesa mawu ake ndi zimene maso akuwona. Komabe zirombozo sizidafe. Philemon Holland adamasulira bukulo m'Chingerezi m'chaka cha 1601, Edward Topsell adaika manticore m'buku lake la nyama la 1607, ndipo m'chaka cha 1957 Jorge Luis Borges wa ku Argentina, mothandizana ndi Margarita Guerrero, adasonkhanitsa zirombo zopeka m'buku limodzi, basilisk ndi catoblepas ziri momwemo. Podzafika nthaŵi ya Gygax, zidali zitachoka m'manja mwa akatswiri a za nyama ndi kukhala chuma cha okamba nthano.

Pathebulo la seŵero zidasinthanso. Basilisk idakhala chibuluzi cha miyendo 8 chimene maso ake amasandutsa munthu mwala. Manticore idamera mapiko onga a mleme niyamba kuponya minga ya kumchira. Catoblepas idasamukira m'madambo, nipatsidwa khosi lalitali ndi nkhope ya njiri, koma maso akupha aja idakhala nawobe. Leucrotta ikali kuitana apaulendo ndi mawu a munthu, monga fisi wa pamisasa ya abusa. Chirichonse chidapatsidwa manambala a liŵiro, mphamvu ndi kulimba kwa khungu, ndipo kaundula wotereyu akadamkondweretsa Pliny, amene sankasiya chinthu osachiyeza. Kusiyana kwake n'kwakuti oseŵera amadziŵa kuti akukamba nthano, pamene oŵerenga a Pliny kwa zaka zoposa 1,400 ankayesa kuti akuphunzira za nyama zenizeni.

Dzina la Pliny lidatsala m'malo enanso. Pliny Wamng'ono adalembera Tacitus, wolemba mbiri, makalata aŵiri osimba za imfa ya atsibweni ake ndi za mtambo uja, ndipo adaulongosola molondola kotero kuti akatswiri a za mapiri a moto amatcha kuphulika konse kwa mtundu umenewo Plinian. Nkhani ya nyumbu ndi fisi, imene idabwera ndi akandimverere, idathera m'seŵero la madayisi. Nkhani ya phiri, imene banjalo lidaiwona ndi maso ndipo mmodzi adaifera, ikugwirabe ntchito m'manja mwa anthu ochenjeza midzi yokhala m'tsinde mwa mapiri otere.